Kalata ya Joel, Dzanja la Wina

Envelopu ija inafika Lachiwiri m'mawa, a Helena ali pakhonde akusankha mbewu ya chimanga m'lichero. Anabwera nayo ndi Che Kassim, bambo wa m'mudzi woyandikana ndi wawo, amene amapita ku Joni kukapikula mabulangete n'kumagulitsa m'misika ya kuno ku Chiradzulu.

"Amake Joel, katundu wanu uyu. Pepani wachedwa. Ndinakhalitsa ku Limbe, mitolo yanga inatsalira m'basi ina ndiye ndimadikira."

A Helena anapukuta manja pachitenje. "Mwamusiya bwanji mwanayo?"

Che Kassim anayang'ana kumbali. "Mwini wakeyo sindinamuone ayi. Anandipatsa ndi mayi wina pokwerera mabasi. Anayenda kufunsa dzina langa mpaka anandipeza, n'kuti izi mukapereke kwa mayi ake a Joel ku Nchema. Chinyanja samachidziwa, ine chiyankhulo chakumeneko ndimangodziwa chogulira zinthu basi. Ndisanafunse zambiri, dalaivala analiza hutala."

Joel anali mwana wotsiriza wa a Helena. Anapita ku Joni zaka ziwiri zapitazo, atatopa kuyenda ndi satifiketi ya Fomu 4 m'maofesi a ku Blantyre. Kumeneko anayamba ndi kutchetcha kapinga m'makomo mwa anthu, kenako n'kumatsuka magalimoto. Lamulungu lililonse Misa ikatha ankaimba foni. Koma tsopano panali patadutsa masabata asanu ndi limodzi ali zii. A Helena akaimba pa kafoni kawo ka mabatani, ankangomva mzimayi wina akulankhula Chingerezi, mawu omwewo tsiku ndi tsiku.

Anang'amba envelopu ija bwinobwino ndi chikhadabo. Munali pepala lolimba, loyera mopita kuchikasu, lopindidwa pakati. Pachikuto panali zilembo zikuluzikulu zagolide, zopotanapotana ngati tinsonga ta maungu tikamayanga pa mpanda. Anavala magalasi koma sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi. Atatsegula mkati anapeza mawu a Chinyanja:

"Amayi anga okondedwa, ine ndili bwino, musadandaule za ine. Zikomo pondilera. Zikomo pa zonse zimene munandichitira. Mulungu akusungeni. Ndine mwana wanu, Joel."

Mawuwo anali a Joel, koma dzanja silinali lake. Zilembo za Joel zinkagwerana ngati mapesi a chimanga mphepo itaomba, moti aphunzitsi ake ankachita kuwadandaulira a Helena pa msonkhano wa makolo. Izi zinali zoonda, zopendekera mbali imodzi mofanana, chilichonse chogwirana ndi chinzake, ndipo mchira wa y unkatsika pansi n'kukhota mofatsa. Linali dzanja la munthu wophunzitsidwa bwino, mwina mzimayi.

"Zili bwino?" anafunsa Che Kassim.

"Akuti ali bwino," anayankha a Helena. Che Kassim anatsanzika n'kukwera njinga yawo.

A Helena anagwira ntchito yothandiza m'wodi pa chipatala cha mishoni zaka makumi awiri ndi zinayi. Kulemba anawaphunzitsa ndi masisitere ali mtsikana, ndi cholembera choviika mu inki: pokwera chipepuke, potsika chikanikize. Odwala atadziwa kuti mayi uja ali ndi dzanja labwino, ankawaitana kuti awalembere makalata akumudzi. Amene ankawaitana kwambiri ndi aja amene zala zawo zinali zitaleka kugwira cholembera. Ndipo pafupifupi onse ankayamba mofanana. "Lembani kuti ndili bwino, asadandaule." Akapuma pang'ono ankawonjeza, "Muwathokozenso pa zonse." Makalata ena otere ankafika kumudzi maliro atafika kale.

Sanalire. Analowetsa lichero m'nyumba, n'kusintha chitenje. Kalata ija sanafune kuonetsa munthu wa m'mudzimo, chifukwa pofika masana anthu akanayamba kubwera kudzakhala nawo pakhonde ndi nkhope zachisoni. Anaganiza kuti zagolide zapachikuto zija ndi dzina la chipatala kumene Joel wagona, ndipo anafuna wina wodziwa Chingerezi, wosakonda zolankhulalankhula, awawerengere. Anayenda mpaka kumsewu, n'kukwera kabaza wa ku Mauwa.

Ku Mauwa kunali kasitolo ka Rabia, mwana wa Che Rajabu atelala. Rabia anali mzimayi wa zaka za m'ma sate, anaphunzira za kompyuta ku Blantyre n'kubwerera kwawo kudzatsegula malo akeake, khoma limodzi ndi shopu ya bambo ake. Padenga panali sola, mkati laputopu ndi makina osindikizira. Ankapanga makadi a ukwati, mapulogalamu a zinkhoswe ndi a maliro, zikwangwani za masitolo. A Helena ankamudziwa chifukwa ndi iye anasindikiza mapepala a nyimbo za gulu lawo la amayi a kutchalitchi.

"Takulandirani, mayi. Khalani apa pali mthunzi. Ndi za fotokope?"

"Iyayi, mwananga. Ndiwerengere apa pachikutopa. Ndikuganiza kuti ndi dzina la chipatala."

Rabia analandira khadi lija n'kulipendeketsa kuti golide asamuthobwe m'maso. Anawerenga kawiri, kenako anamwetulira.

"Si chipatala ayi. Alemba m'Chingerezi, akuti akukufunirani tsiku labwino la Anakubala."

"Anakubala? Lija linadutsa mwezi wathawu?"

"Lomwelo. Ndiye kuti lachedwa panjira."

A Helena anasendera pafupi. Mtima unafuna kutsika, koma sanaulole.

"Tsegula mkatimo uwerenge. Dzanja limenelo si la mwana wanga. Wamulembera munthu. Ndipo ine ndikudziwa chimene chimachititsa kuti munthu wamkulu, wopita kusukulu, amulembere wina kalata ya kwa mayi ake."

Anamufotokozera zonse: za foni imene yakhala chete, za mayi wachilendo uja wa pokwerera mabasi, za makalata amene ankalemba m'wodi. Ankalankhula motsitsa, maso ali pa makina osindikizira. Rabia analeka kumwetulira. Anatenga khadi lija n'kupita nalo pakhomo pamene panali kuwala. Analiyang'anitsitsa, n'kulitembenuza, n'kuyendetsa chala kuseri kwa mawu aja.

"Mayi, limeneli si dzanja la munthu."

"Nanga ndi la ndani? La mngelo?"

"La kompyuta."

A Helena anapukusa mutu. "Mwananga, usandinyengerere ngati mwana. Makina ndimawadziwa, ku ofesi ya chipatala kunali taipi. Zilembo za makina zimaima chilili, chilichonse pachokha. Izi taona mmene zagwiranirana. Taona apa, pokwera paonda, potsika panenepa. Munthu ameneyu anaphunzitsidwa ngati mmene ndinaphunzitsidwira ine."

"Dikirani ndikuonetseni."

Rabia anajambula mkati mwa khadi muja ndi foni yake, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka liwu limodzi linadzaza galasi lonse.

"Uyu ndi zikomo woyamba. Mwaona k uyu? Pamwamba pake pali kamalo kooneka ngati inki inatha pang'ono." Anasuntha chithunzi. "Uyu ndi zikomo wachiwiri. Taonani k wake."

Kamalo kaja kanaliponso, pamalo omwewo, kukula kwake komweko. Rabia anapita pa liwu lakuti okondedwa. K wakenso anali ndi kachilema komweko. Anawaonetsanso zilembo zina: a aliyense, m aliyense. Onse anali ngati obadwa tsiku limodzi.

Kenako anawapatsa bolopeni ndi kapepala. "Tandilemberani zikomo kawiri."

A Helena anakonza magalasi, n'kusendeza kapepala kaja kuti kapendeke monga anazolowera. Analemba mosathamanga. Rabia anasuzumira n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Mayi inu! Dzanja lonseli mumangokhala nalo ku Nchema? Koma taonani tsopano. Z wanu woyamba ndi wamtali, wachiwiri wafupikirako. O uyu watsekeka, uyu watsala pang'ono. Ndiye tembenuzani pepalalo mukhudze kuseri."

Kuseri kunali timizere totukuka, mmene bolopeni inadutsa. Anakhudza kuseri kwa khadi la Joel. Kunali see ngati mbale.

A Helena anavomera ndi mutu. Munthu amene walemba makalata mazanamazana sachita kuuzidwa kawiri kuti palibe dzanja limene limabwereza chilembo osaphonyako ngakhale pang'ono.

Rabia anatsegula laputopu n'kuitembenuzira kwa iwo. Anataipa mawu akuti Amayi anga okondedwa, ndipo anatuluka oima chilili, ngati a taipi ija ya ku ofesi. Atadina penapake, mawu omwewo anasintha n'kukhala onenepa. Atadinanso anapendekera. Atadinanso anaonda ngati ulusi wa atelala, michira yake n'kumalowa m'mizere yapansi.

"Ife timati mafonti," anatero Rabia. "Alipo ambirimbiri. Awa ooneka ngati olemba pamanjawa, ndiye kuti kwinakwake kuli munthu wa dzanja ngati lanuli amene anakhala pansi n'kulemba zilembo zonse kamodzi, kuyambira a mpaka z, n'kuzilowetsa m'kompyuta. Enafe timangobwereka dzanja lakelo. Anthu a ukwati ndiye amawakonda kwabasi."

Anapitiriza kudina mpaka anafika pa ina yofanana kwambiri ndi ya pakhadi ija. A Helena anayandikira, mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Anaona dzina lawo la umayi litalembedwa ndi dzanja lokongola, pamene panalibe munthu aliyense wogwira cholembera. Anaseka pang'ono, kuseka kosakonzekera.

Koma kusekako sikunapite patali.

"Komabe, mwananga. Munthu ali gone pabedi akhoza kuuza mnzake kuti, pita ukanditaipire."

Rabia sanafune kuwanamiza. "Zimenezo n'zoona, akhoza. Koma dikirani. Ife osindikizafe sititha kutulutsa chinthu osasiyapo dzina lathu penapake. Tikapeza amene anasindikiza, tiwafunsa."

Anatembenuza khadi lija kumbuyo kwenikweni. Kunalibe kanthu, kupatula kamzere kagolide m'munsi, koonda ngati tsitsi.

"Kameneko ndinakaona," anatero a Helena. "N'kokongoletsa."

Rabia anakajambula n'kukakulitsa. Kamzere kaja kanasanduka mawu, zilembo zomwe zija zoonda, koma zazing'ono ngati nyerere. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono:

"Amayi, foni anandibera, nambala yanu inapita nayo limodzi. Imbani pa iyi, ndi ya kuntchito."

Kutsogolo kwake kunali nambala ya ku Joni.

A Helena anagwira m'mphepete mwa tebulo. Nambala yawo inalidi yatsopano, anasintha chaka chomwechi simu yakale itawonongeka, ndipo iwo eni ake sankaidziwa pamtima.

"Imba," anatero. "Imba pompano."

Rabia anaimba pa WhatsApp, ya vidiyo. Inalira kanayi. Anayankha mzimayi wonenepa, wovala epuloni, kumbuyo kwake kukumveka makina akugunda. Rabia analankhula naye Chingerezi, a Helena anangomvapo dzina la Joel ndi la Malawi. Mzimayi uja anatsegula maso kwambiri, n'kutembenuka kukuwa dzina la Joel. Chithunzi chinagwedezeka, chinaonetsa denga, chinaonetsa milu ya mapepala. Kenako panatulukira nkhope.

"Amayi!"

Anali Joel. Masaya anali atadzaza kuposa mmene anachokera, tsitsi lometedwa bwino, pakhutu atapanikiza pensulo.

A Helena anayandikitsa nkhope pa galasi. Rabia anawagwirizira foni ija.

"Amayi, mukundimva? Bwanji osaimba nthawi yonseyi? Ine ndimayesa mwakwiya nane."

"Ndionetse manja."

"Manja?"

"Manja ako. Onse awiri."

Joel anaimika foni penapake n'kutambasula manja. Zala zonse khumi zinalipo, zakuda ndi inki m'zikhadabo.

"Taimirira. Tayenda ndikuone."

Joel anabwerera m'mbuyo, anayenda mpaka pa chitseko n'kubwerako, akuseka mosamvetsa. Anzake awiri akuntchito anasiya zimene ankachita n'kumamuyang'ana.

"Kodi chachitika n'chiyani, amayi?"

Pamenepo ndi pamene misozi inabwera. A Helena analira ndi kuseka nthawi imodzi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, magalasi ali m'manja. Rabia ndiye anafotokoza m'malo mwawo: kuti khadi lafika lero, kuti mayi anaona dzanja lachilendo, ndi zimene anaganiza.

Joel anagwira kumutu. "Mayo ine! Amayi, pepani. Ine ndimafuna ndikudabwitseni."

"Wandidabwitsadi," anatero a Helena.

Joel anawafotokozera mofulumira. Foni anamubera m'minibasi kumapeto kwa Seputembala. Sabata yomweyo, mayi wa epuloni uja, amene Joel ankamutsukira galimoto, anamutenga kuti azidula ndi kupinda mapepala pa malo ake osindikizira. Ataona kuti mnyamatayo amakonda kusuzumira pa kompyuta, anayamba kumuphunzitsa kukonza makadi. Khadi la Anakubala lija linali loyamba kulipanga yekha, kuyambira kusankha pepala mpaka kudula. Tsiku limene Che Kassim ankanyamuka, iye anali ndi ntchito yambiri, ndiye abwana akewo anadzipereka kukapereka envelopu ku basi.

"Fonti imeneyo ndinasankha tsiku lathunthu, amayi. Ndimafuna yofanana ndi mmene mumalembera inu."

A Helena anayang'ana khadi lija pamiyendo pawo.

"Nanga za foni yobedwazo, osazilemba mkati bwanji? Kuika kumbuyo, tizilembo ngati nsabwe?"

"Ndimaopa kuwononga kukongola kwa mkatimo."

Rabia analephera kudzigwira. Anatembenuzira foni kwa iye mwini.

"Achimwene, ine ndine Rabia, wa pa Mauwa pano, ntchito yathu ndi imodzi. Khadi lanu ndi lokongola, sindikunama. Koma zilembo zimenezi ndi za mawu awiri atatu, dzina la mkwati ndi la mkwatibwi, basi. Uthenga woti munthu achitepo kanthu, lembani ndi zilembo zoima bwino, zakuda, zoti mayi wa magalasi awerenge ali chiimire. Golide woonda pa pepala lachikasu, ndani angamuone?"

Joel anakanda kumutu mwamanyazi. "Abwananso anandiuza zomwezo, achemwali. Ine ndinakakamira."

"Uziwamvera abwana akowo," anatero a Helena. "Ndipo uwathokoze m'malo mwanga. Uwauze kuti mayi a ku Nchema akuti Mulungu awadalitse."

Joel anatembenuka n'kunena zimenezo m'Chingerezi. Mayi wa epuloni uja anabwera n'kugwedeza dzanja pa galasi, a Helena nawonso anagwedeza lawo. Anacheza pang'ono za mvula imene inali isanayambe, za denga la khitchini, za mlongo wake wa Joel amene anali woyembekezera. Rabia anatchula nambala ya a Helena, Joel n'kuilemba ndi pensulo ija pachikatoni, n'kuiwerenga kawiri mokweza. Analonjeza kuimba Lamulungu, pa foni ya kuntchito, mpaka atagula yake. Kenako netiweki inayamba kuvuta, nkhope yake inaima malo amodzi ali kukamwa yasa, n'kuzimiririka.

A Helena anaimirira kuti azipita. Rabia anawagwira mkono n'kuwakhazikanso pansi.

"Musathamange, mayi," anatero Rabia. Anatuluka n'kubwera ndi kapu ya thobwa lozizira la kwa mayi ake. A Helena anamwa lonse osapumira. Kuseri kwa khoma makina a Che Rajabu ankasoka, n'kuima, n'kuyambanso. Panja anthu a kabaza ankakangana za mpira. Zonsezi zinalipo chifikireni iwo, koma anayamba kuzimva tsopano.

Ali chikhalire choncho, pakhomo panalowa bambo wina wamtali, wovala ovolosi yopsapsa ndi moto m'mikono. Anali a Kalinde, owotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Anapereka moni, n'kunena kuti akufuna chikwangwani chachikulu choika kumsewu, choti anthu a m'galimoto azidziwa kuti pali owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Akulankhula choncho maso awo anagwera pa khadi lija, limene linali patebulo chikuto chili m'mwamba.

"Eya! Ndikufuna zilembo ngati izi ndendende. Zagolide chonchi. Anthu aziona kuti ntchito yathu ndi yaukhondo."

Rabia anayang'ana a Helena. A Helena anayang'ana Rabia.

"Bambo," anatero a Helena, akusendera kuti apereke malo pabenchi, "takhalani kaye pansi apa. Tawerengani zimene alemba pamenepo, mokweza, tonse timve."

A Kalinde anatenga khadi lija, analiyandikitsa, analitalikitsa, analipendeketsa cha kukhomo.

"Koma ndi Chingerezi chimenechi? Chilembo choyambachi ndi H kapena ndi duwa?"

Rabia anaseka mpaka anagwira tebulo. A Kalinde nawonso anaseka, ngakhale sankadziwa bwinobwino chimene chikusekedwa, ndipo pamapeto pake anavomera zilembo zonenepa, zakuda, pa bolodi loyera, kupatula dzina lawo lokha limene Rabia anawalola kuti likhale lopotana pang'ono pamwamba.

A Helena anachoka pa Mauwa dzuwa litapendeka. A kabaza anawaitanira, iwo anakana, anati ayenda. Njira ya ku Nchema ndi yaitali ndipo kunkatentha, koma anaima pa khomo lililonse la munthu wodziwana naye, kupereka moni ndi kufunsa za ana, mpaka ena anadabwa kuti kodi mayiwa lero adya chiyani.